Tsiku Limene Apongozi Anasenza Buluku Langa

Ndinakhala pa chikamwini zaka khumi ndi chimodzi osaidziwa bwinobwino nkhope ya apongozi anga aakazi. Mapazi awo ndinkawadziwa, chifukwa ndi amene ndinkayang'ana tikakumanizana mwangozi kuseri kwa nkhokwe. Chifuwa chawonso ndinkachidziwa. Akamabwera m'njira ankatsokomola kawiri, ine n'kupatukira m'chinangwa, kuima mmenemo ngati ndikuyendera mbewu mpaka atadutsa. Kwathu kuno, kuseri kwa Ndunde, anthu ambiri anasiya kale zothawana ndi apongozi, ena mpaka amakwera nawo kabaza mmodzi. Koma mayi a mkazi wanga anakana. Ankati makolo awo sanayende ulendo wonse uja kuchokera ku Mozambiki kuti adzathere pogwirana chanza ndi mkamwini. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, mwana wawoyo n'kuuza ine, ngakhale tonse atatu tili pabwalo limodzi. Pakasowa munthu ankauza galu.

Ine ndine dalaivala. Ndinakulira pa minibasi, kuchoka ku Limbe kupita ku Njuli n'kubwerera, tsiku ndi tsiku, mpaka msewuwo ndinkaudziwa kuposa msana wa mkazi wanga. Minibasi inandiphunzitsa chinthu chimodzi chachikulu, choti mankhwala a vuto lililonse ndi kuponda moto. Mnzako akufuna kukulanda anthu pa siteji, ponda. Matope, ponda. Injini ikutsokomola, ponda kuti ichite manyazi. Ndiye bungwe lina lothandiza alimi a ng'ombe za mkaka litandilemba ntchito, n'kundipatsa pikapu yoyera yokoka ndi matayala onse anayi, ndinadziona ngati ndafika. Ndinkaipukuta ngakhale ili yoyera kale. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma nthawi imeneyo mwambiwu ndinkauona ngati wa anthu ena.

Ndisanathe mwezi, abwana anati ndipite kukaphunzira kuyendetsa galimoto m'misewu yoipa. Ndinakwiya kwambiri. Ine, wa zaka zonsezi pa chiwongolero, kukakhala pa benchi ngati mwana wa sukulu? Ndinapita chifukwa ntchito inali yatsopano, komanso ndinamva kuti kumakhala tiyi wa mkaka kawiri pa tsiku.

Tinali amuna asanu ndi mmodzi, pamalo pena kunja kwa tauni pomwe anakumba dala maenje, zithaphwi ndi zitunda. Wotiphunzitsa anali mayi wamfupi kwambiri, woti ankaika pilo pampando kuti aone kutsogolo. Tsiku loyamba ndinanong'oneza mnzanga kuti mayiyu phazi lake likamafika pa buleki ndiye kuti layenda ulendo. Anamva. Anangondipatsa kiyi n'kundiloza chithaphwi choyamba. Ndinalowa mwaukali, ndinaponda moto monga mwa chizolowezi, galimoto inadzikumbira yokha mpaka mimba inagunda pansi. Amadamu, poti ndi mmene tinkawatchulira, anabwera pang'onopang'ono atanyamula fosholo.

"Abambo a minibasi," anatero, "mwaikwirira nokha. Ifukuleni nokha."

Kuyambira pamenepo dzina langa linakhala lomwelo. Anatiphunzitsa kuti zala zazikulu zisamalowe mkati mwa chiwongolero, chifukwa tayala likagunda mwala chiwongolero chimabwerera n'kukuthyola. Anatiphunzitsa kutsika chitunda ndi giya yaing'ono, phazi lili kutali ndi kilachi, ngakhale mtima ukukuuza zina. Anatiphunzitsa kuphwetsa matayala pang'ono pa mchenga kuti aponde mokulirapo. Zonsezi ndinkazimva ndi khutu limodzi, linalo likumvera kumene kukuchokera fungo la tiyi.

Chomwe ndinadana nacho zedi chinali cha madzi. Amadamu ankati tisanalowetse galimoto m'madzi tizivula nsapato, kutenga ndodo, n'kuyendamo kaye ndi mapazi, mbali ya tayala ili ndi mbali ya tayala ilo. Ine dalaivala wa malaya ositasita, kuyenda m'matope ngati ndikusaka nkhanu? Ndinamanga nsanza pa chala chakuphazi n'kunena kuti ndili ndi bala. Tsiku limenelo ndinapulumuka. Mawa lake ndinamanganso, anzanga akuvula ine n'kukhala pa chitsa ndikusisima.

"Abambo a minibasi," anatero amadamu, "bala lanu dzulo linali kumanzere. Lasamuka liti?"

Anandiyendetsa m'chithaphwi chija katatu anzanga akuwomba m'manja. Ndikutuluka, matope mpaka m'ntchafu, anandiuza mawu omwe ndinawasunga popanda kufuna. Anati madzi omwe sindinawaponde ndi phazi ndisawaponde ndi tayala, ndipo ndizifunsa amene amawoloka pamenepo tsiku ndi tsiku, chifukwa mtsinje sukhala momwe unausiyira. Anawonjezanso kuti pakakhala munthu wondilondolera ndi manja, ndizimuyang'ana iyeyo basi, kumaso ndi m'manja, ngakhale atakhala mdani wanga. Satifiketi ndinalandira, ndinakaipachika m'nyumba pamwamba pa wailesi kuti alendo aziiona.

Tsono apongozi anga anali m'gulu la alimi lomwe bungwe lathu linkagwira nalo ntchito, ndipo analowa ine ndisanalembedwe n'komwe. Kuti munthu alandire ng'ombe ankayenera kumanga kaye khola labwino ndi kudzala nsenjere zoti izidya. Iwo anachita zonsezi. Anadzala nsenjere pamunda pomwe kale pankakhala chimanga, anamanga khola la simenti pansi, la denga losadontha, loposa nyumba yomwe ine ndinkagona. Kenako anadikira zaka ziwiri. M'mawa uliwonse ankasesa khola lopanda kanthulo, anthu odutsa n'kumafunsa ngati ng'ombe zawo zagona bwino. Lamulo la gulu linali loti ng'ombe imabwera ili ndi bere, ndipo mwana wake woyamba wamkazi amapita kwa mlimi wotsatira. Ikathyoka mwendo kapena kupoloza chifukwa chosasamala, dzina lako limabwerera kumapeto kwa mndandanda. Msinkhu wa apongozi sunali woti n'kuyambiranso kudikira.

Tsiku lawo linafika mu Febuluwale, mvula ili pakati. Ng'ombe tinkakaitenga ku Mikolongwe, ndipo mwini wake ankayenera kukhalapo kuti aione, adinde chala, abwere nayo. Mkazi wanga ndiye amayenera kutiperekeza kuti azinyamula mawu pakati pathu, koma mwana wathu wamng'ono anadzuka thupi likutentha, anapita naye kuchipatala. Alangizi a ziweto anatithandiza kukweza ng'ombe, anayala udzu pansi, anaimangirira bwino kutsogolo kwa zitsulo, kenako anakwera njinga yawo yamoto kulondola galimoto ina yopita mudzi wina. Tinatsala atatu: ine, apongozi ndi ng'ombe yakuda ya mawanga oyera, mimba ili apo.

Mpando wakutsogolo apongozi anaukana osalankhula, anangoima atandifulatira mpaka ndinatsegula chitseko chakumbuyo. Anakhala pakona, anafunda chitenje kumutu, anatsegula kawindo kakumbuyo kuti aziona ng'ombe yawo. Ine ndinapotoza galasi la mkati kuloza kudenga, kuopa kuti maso athu angakumane. Tinayenda choncho ngati tikupita kumaliro, ng'ombe yokha ndi imene inkalankhulako.

Pofika kwathu pali kamtsinje. Oyenda pansi timawolokera pa mlatho wa mitengo chakumtunda, koma galimoto imawolokera chakumunsi, pamalo otakata a mchenga. Ine ndinadutsa pamenepo komaliza mu Okutobala, kuli gwa, nditanyamula simenti yokonzera khola lomwelo. Tsiku limeneli kuphiri kunali kutagwa mvula, madzi anali ofiira, pansi posaoneka. Ndinaima pamphepete. Giya yaing'ono ndinali nditalowetsa kale, matayala onse anayi akukoka. Chinatsala chimodzi chokha, ndipo ndinachidziwa, chifukwa mawu a amadamu anandifika m'khutu ngati ali pampando wapambali ndi pilo wawo.

Koma taganizani. Madziwo ankaoneka kuti afika m'ntchafu. Buluku la kuntchito linali lothina, losapindika kupyola katumba. Kuti ndiyendemo ndinayenera kulivula. Ndipo mkati mwake ndinali nditavala kabudula wachikasu wa pa kaunjika, wa mpira, wobooka pambali, amene ngakhale mkazi wanga ankamuyanika kuseri kwa bafa. Ine amene ndinkathawira m'chinangwa kuti apongozi asaone chipumi changa, ndikanavula buluku iwo ali pompo? Ndinadziuza kuti malowa ndikuwadziwa. Ndinadziuzanso kuti amadamu aja mwina analibe apongozi.

Nditayamba kusuntha, apongozi anatsokomola kawiri. Zaka zonsezo chifuwa chimenecho chinkatanthauza kuti ndipatuke, koma ndinaganiza kuti ndingapatukire kuti, poti tili m'galimoto imodzi. Matayala akutsogolo analowa m'madzi. Anatsokomolanso, mokweza. Ndinati ndi fumbi la udzu. Akumbuyo analowa. Kenako ndinamva mawu awo, akulankhula pa kawindo kaja momveka bwino ngati akuwerenga kalata mu tchalitchi.

"Ng'ombe iwe, limba. Adalaivalawa akutilowetsa m'dzenje lomwe anyamata akumba mchenga."

Sanamalize n'komwe, tayala lakumanzere linatsika. Galimoto inapendekeka, inagwada chakutsogolo, madzi anakwera mpaka pa nyale. Kumbuyo ndinamva chiphokoso, ng'ombe itagwa ndi mawondo, mimba itatsamira zitsulo. Inalira kulira komwe sindinakumvepo. Ndinachita mantha oti sindinachitepo pa msewu wa Limbe, ngakhale tsiku lomwe buleki anandikana pa chitunda. Phazi langa lakumanja linayamba lokha kutsika, kufuna kuponda moto kuti tidumphe tituluke tsidya. Linali phazi la minibasi, linkadziwa mankhwala amodzi okha. Ndinalichotsa ndi mphamvu, ngati ndikukoka mwana pamoto. Ndinaika giya pakati, ndinakoka buleki wa pamanja, injini ndinaisiya ikulira. Galimoto inaima pomwepo, madzi akuwomba chitseko.

Kenako, poti njira ina panalibe, nanenso ndinatembenuzira mutu chakumbuyo, maso ali kudenga.

"Ng'ombe iwe, uwauze amayi kuti pepani, ayang'ane kumbali. Ndikufuna ndivule."

"Uwauze," anayankha apongozi, "kuti ine ndalera ana aamuna atatu, miyendo ndikuidziwa. Afulumire, iwe mwana wanga ukumva kuwawa."

Ndinavula, ndinatuluka, ndinakaika buluku ndi nsapato pa mwala wa pamtunda, n'kuthyola ndodo. Nditabwerera ndinayamba kufufuza kutsogolo kwa galimoto. Sitepe imodzi kuchokera pa bampala, ndodo inapita yonse osagunda kanthu, ine n'kuitsatira mpaka madzi m'chifuwa. Tayala lija linali litangotsetsereka pa mlomo wa dzenjelo. Ndikanaponda moto, galimoto ikanalowa chamutu n'kugudubuzika, ng'ombe yomangidwa ili mmenemo, apongozi ali mmenemo.

Choyamba tinadzutsa ng'ombe. Ndinakwera n'kumasulako chingwe, apongozi anatulutsa dzanja pa kawindo, akuisisita pamphuno, akuilankhula motsitsa mawu m'Chilomwe chomwe ankasungira mapemphero. Inayesa kawiri, kachitatu inaima, mawondo atasupuka. Kenako anatuluka okha, anakwinyira chitenje m'chiuno, n'kuyamba kututa miyala osauzidwa. Ine ndinatenga fosholo, ndinakumba kumbuyo kwa tayala lotsika lija kuti pakhale potsetsereka, ndikuyalapo miyala yomwe ankandiikira pa boneti, chifukwa kundipatsa m'manja sakanatha. Ndinaphwetsa matayala pang'ono. Zonsezi ndinkazichita mwandondomeko yake, ngati amadamu aima pamtunda ndi kabuku kawo. Ndinalowa, ndinawongola chiwongolero, ndinaika livesi, n'kusiya galimoto ibwerere yokha pang'onopang'ono, phazi likungokhudza. Inagwedezeka, inakwera miyala ija umodziumodzi, inatuluka m'mapazi ake omwe.

Pamenepo amayi anayi omwe ankabwera kudzachapa anali atatula mabeseni pamtunda, akuonerera kabudula wanga wachikasu. Mmodzi anagwira pakamwa, mwina pofuna kundisungira ulemu, koma mapewa ake ankamuulula.

Kubwerera kukazungulira njira ina kunali kutali, ndipo nakonso kunali matope. Safunsa anadya phula, ndiye ulendo uno ndinafunsa.

"Ng'ombe iwe, afunse amayi kuti polimba ndi pati."

"Uwauze kuti ndi kumtunda kwa mwala wakudawo, pomwe timadutsa popita kudimba. Akanafunsa kale bwenzi tili kunyumba."

Ndinayenda njira imeneyo ndi ndodo kupita ndi kubwera, mbali ya tayala ili ndi mbali ya tayala ilo. Madzi anali m'mawondo, pansi pali nsangalabwi. Ndinazika mabango kusonyeza malire. Pobwerera ndinapeza apongozi atatola buluku langa pa mwala paja, atalipinda bwinobwino, nsapato pamwamba, ataika zonse pamutu. Anawoloka nazo mowongoka ngati asenza mtsuko, anakaima tsidya moyang'anizana ndi galimoto, n'kukweza manja onse awiri. Palibe anawaphunzitsa zimenezo. Amayi amene wakhala akulondolera ngolo ndi ana moyo wake wonse safuna satifiketi.

Ndinakhala pa chiwongolero ndi kabudula wonyowa, ndipo ndinakumbukira lamulo lomaliza lija, loti wokulondolera umuyang'ane kumaso. Chitenje chinali m'chiuno, kumutu kunali buluku langa, nkhope inali poyera. Ndinayang'ana. Kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, ndiponso kuti mwana wanga wamkazi woyamba, amene abale anga ankalimbikira kuti anatengera kwathu, anangokopera nkhope imeneyi yonse, mpaka kakwinyidwe ka pachipumi. Nawonso anandiyang'ana osaphethira. Dzanja lawo likati kumanja, ndinkapita kumanja. Likati pang'ono, ndinkachepetsa. Tinawoloka pa liwiro la munthu woyenda pansi, ng'ombe ili chiimire, osaterereka ngakhale kamodzi.

Tsidya anaika buluku pa boneti, anafundanso chitenje kumutu, n'kubwerera pakona pawo. Ndinavala kuseri kwa galimoto. Pofika kunyumba nkhani inali itafika kale, poti mmodzi wa amayi ochapa aja anali ndi foni. Anthu anasonkhana ngati akudzaona ng'ombe, koma ambiri ankayang'ana ine kuyambira m'chiuno kutsika.

Anthu ankaseka, ine sindinkaseka. Ng'ombe inakana kudya masiku awiri. Inkangoima m'khola lija mutu uli pansi, mawondo atatupa. Alangizi anabwera, anaipaka mankhwala, anaigwira mimba, anati tidikire, za mkati sangalonjeze. Kunatsala masabata asanu ndi awiri kuti ibereke. Abwana ndinawauza zonse momwe zinachitikira, kupatula mtundu wa kabudula, ndipo anandidzudzula moyenera. Mkazi wanga anati ng'ombeyo ikangopoloza ndiyambiretu kupinda bulangete langa. Ankaseka ponena, koma maso ake sankaseka. Apongozi ndiye anangoti zii. Sanandiuze kanthu kudzera mwa mwana wawo, ngakhale kudzera mwa galu. Chimenecho chinandipweteka kuposa kunyozedwa, chifukwa ndinkadziwa kuti zaka zawo ziwiri ndinaziika pa mlomo wa dzenje pofuna kubisa mawondo anga.

Masabata amenewo mudzi wonse sunaonepo mkamwini wakhama ngati ine. Ndinkamweta nsenjere ndisanapite kuntchito, ndinkatunga madzi a m'khola, ndinkachotsa ndowe ndi manja anga ositira malaya aja. Ndikamaika udzu ndinkayang'ana mimba ija, kudikira kuti igwedezeke. Tsiku lina inagwedezeka, kanthu kanakankha chikopa kuchokera mkati, ndipo ndinakhala pansi m'khola momwemo kwa nthawi ndithu.

Inabereka m'mawa wina mu Epulo, chimanga chikuuma. Mwana wamkazi, wamoyo, amene anaima ndi miyendo yake dzuwa lisanatenthe. Apongozi analuluta mpaka mawu anasasa. Dzina lomwe anamupatsa sindililemba pano. Mungodziwa kuti ndi chinthu chomwe mwamuna amavala kuyambira m'chiuno kutsika, ndipo mlimi wotsatira atamulandira anakana kulisintha.

Mpaka lero sindilowetsa galimoto m'madzi ndisanayendemo. Madalaivala anzanga amandiseka, amati ndimasamba mtsinje uliwonse wa m'boma la Chiradzulu. Ndimawasiya aseke. Ndinangogula akabudula awiri akuda, osabooka, oti ngakhale abusa atandipeza nditavula sangadandaule.

Patatha sabata ndi theka chiberekere ng'ombe ija, ndinali nditakhala pakhonde Loweruka m'mawa ndikupukuta nsapato. Mkazi wanga anali atapita ku mjigo ndi ana. Ndinamva mapazi akubwera, koma chifuwa sindinachimve. Ndisanapeze kothawira, apongozi anali ataima patsogolo panga, mutu uli poyera, atagwira kapu ya mkaka wowiritsa ndi manja awiri. Ndinadikira kuti aiike pansi monga ankachitira ndi chilichonse chobwera kwa ine. Sanaiike.

"Landirani, bambo. Mumwe usanazizire."

Ndinacheuka kuti ndione amene akumuuza. Galu anali atatsatira ana ku mjigo, ng'ombe inali kukhola. Pakhonde paja panalibe wina aliyense. Ankauza ine.